Paipi ya M'bango

Chule ndiye anayamba kuzindikira kuti mtsinje uli zii.

"Tamvetsera, Dona," anatero ataima m'madzi ofika m'mawondo, botolo lili m'manja. "Ukumva chiyani?"

"Palibe."

"Ndi zimenezo. Mvula inagwa dzulo. Pano pamayenera kukhala phokoso loti ine ndi iwe osamvana."

Dzina loti Chule linamumata tili chaka choyamba pa yunivesite, tsiku lomwe anagwera m'dambo pothamangitsa kachule kobiriwira, n'kuvuuka ali matope okhaokha koma kachuleko kali m'manja. Langa loti Dona ndinalitola tsiku lomwelo, chifukwa ku damboko ndinapita nditavala nsapato zoyera, ambulera ali kumanja. Tonse tinkaphunzira za chilengedwe ndi kasamalidwe kake: madzi, nthaka, nkhalango, nyama zakutchire. Anzathu a zamalamulo ankatiseka kuti tikuvutikira digiri yowerenga mitengo. Tsopano tinali chaka chomaliza, ndipo panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chiyambireni chibwenzi chathu.

Kafukufuku wake womalizira maphunziro unali wa achule a mumtsinje umenewu, womwe umadutsa kuseri kwa mafakitale usanafike m'minda ya anthu. Wanga unali wa nthaka ndipo ndinali nditamaliza kale, choncho ndinkamuperekeza kuti ndizimulembera manambala m'kope.

Tinayenda chokwera mtsinje, iye m'madzi, ine m'mphepete. Madzi ankanka natuwa. Pa kadziwe kena tinapeza ambululu atayandama, mimba zili m'mwamba, ambirimbiri ngati wina wachita kuwakhuthula m'chidebe. Chule anawerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka, kenako anandiuza nambala, ine n'kulemba.

Fungo linandipeza ndisanaone kanthu. Linali fungo la nyama yoola losakanikirana ndi mankhwala, lokanda kummero. Fungo limenelo ndinakula nalo. Linkakhala pa jekete ya bambo anga akamandinyamula pochokera kuntchito, ndili kamwana.

"Bwera udzaone!"

Anali atapatula bango ndi manja onse awiri. Pansi pake panali paipi yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yobisidwa ndi miyala mwaluso, ikulavula madzi otuwa a thovu. Chakumtunda kwake kunali mpanda wautali wa njerwa, wa waya waminga pamwamba.

"Fakitale ya zikopa," anatero motsitsa mawu. "Pa mapepala awo analemba kuti madzi oipa onse amathera m'maiwe a m'kati mwa mpanda. Ndinawerenga ndekha. Dona, lemba tsiku. Lemba nthawi. Usaine m'munsimo."

Ndinalemba, ndinasaina.

Fakitaleyo inali ya bambo anga. Dzina la pa geti si dzina lathu, ndipo Chule ndinangomuuza kuti bambo amagulitsa zikwama ndi malamba. Silinali bodza, komanso sichinali chilungamo. Tsiku lomwe anasankha mtsinje umenewu ndinafuna kuulula, koma iye anayamba kundifotokozera za mayi ake, omwe amalima ndiwo zamasamba kumunsi kwa mtsinje womwewu, ndi zilonda za m'manja mwawo zosamva mankhwala. Ndinati ndimuuza mawa. Mawa lakelo linasanduka miyezi inayi, ine ndikudzinamiza kuti mwina poizoni akuchokera ku mafakitale ena.

"Inu! Mukutani kumeneko?"

Pamtunda panaima mlonda wa pa fakitale, mkulu wa imvi yemwe wakhala akunditsegulira geti chiyambire ndili kusukulu ya mkaka. Ndinakokera chipewa kumaso. Chule anatuluka m'madzi, n'kumupatsa kalata ya ku yunivesite ndi manja awiri.

"Kalata sindiwerenga ine, maso anatha," anatero mlonda uja. Sanali kuyang'ana Chule. Ankayang'ana ine. "Koma nkhope ndimawerenga. Nyamulani mabotolo anuwo muzipita, achimwene. Ndipo mukamayenda ndi ana a eni ake, muziona kopita nawo."

Titatalikira, Chule anaseka n'kundichotsa kaudzu m'tsitsi. "Madalawa akuona ngati ndakuba kwa makolo ako."

Ndinayesa kuseka nawo. Nditacheuka, mlonda anali akadali pomwe paja, foni ili kukhutu.

* * *

Meseji inalowa Lachinayi, ndili m'kalasi ya malamulo a zachilengedwe.

"Nsapato zako zinali ndi matope otuwa dzana. Matope amenewo ndimawadziwa kwawo. Tikumane kuseri kwa laibulale ikamakwana folo koloko."

Anali Kapitawo, mtsogoleri wa kalasi yathu. Ndi amene ankasunga makiyi a labu ndi kulemba ndandanda wa makalasi, ndipo ngakhale popita kutchire ankamanga taye. Anandifunsira kawiri. Ulendo wachiwiriwo anachita kundilembera kalata yotayipa, ya mfundo zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi nambala yake. Ndinamukana kawiri konse, ndipo chiyambire pamenepo ankandipatsa moni waulemu wopyola muyeso, wa mtundu uja umakusiya ukuyang'ana kumbuyo.

Ndinamupeza atatsamira khoma, akuzunguza makiyi pa chala.

"Wabwera. Ndimadziwa kuti ubwera."

"Nena zomwe wandiitanira. Ndili ndi kalasi."

"Ulibe kalasi. Ndandanda ndimalemba ndine." Anamwetulira. "Tchuthi chathachi ndinakaphunzirira ntchito pa fakitale ina ya zikopa. Anthu abwino zedi. Mu ofesi ya abwana muli chithunzi pa tebulo. Mtsikana wa diresi lachikasu, atanyamula keke. Ndinachiyang'ana miyezi iwiri yathunthu, tsiku ndi tsiku."



"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ine? Ndikungokufunira zabwino. Kachule kako kaja kakudziwa?"

Ndinayang'ana kumbali.

"Sikakudziwa. Koma ndiye chikondi n'chokoma, eti." Anaponya makiyi m'mwamba n'kuwawakha. "Bambo ako anandiimbira dzulo. Amafuna kudziwa kuti mnyamata wa mabotolo ndi ndani. Ndinati ndifufuza. Sindinawauze kuti mnyamatayo amakugwira m'chiuno ku nazale ya mitengo, kuseri kwa thanki."

"Ukundiopseza?"

"Ndikukuchenjeza. Kadziwotche amaona ngati moto ndi duwa. Mnyamata uja apsa, Dona, ndipo ukaima naye pafupi upsa nawo. Ine bambo ako anandilonjeza malo tikamaliza. Iwenso ofesi yako ikukudikira, anaipenta kale. Tidzakhala makomo oyandikana. Bwanji osayamba kuzolowerana panopa?"

Anatambasula dzanja ngati akufuna kundisasa fumbi paphewa. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Ngakhale achule onse a padziko pano atafa, iwe ayi."

Nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Kumtsinje kuja anatha kale," anatero. "Watsala mmodzi."

* * *

Bambo anga safunsa, amangonena. Meseji yawo inali ya mawu atatu: "Lamlungu udye kuno."

Pa tebulo tinalipo atatu. Amami ankagawa chakudya maso ali pansi. Bambo ankadula nyama pang'onopang'ono, tizidutswa tofanana, ngati wina adzabwera kudzayeza.

"Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda, adadi."

"Nthaka yako ija unamaliza kuyeza?"

"Ndinamaliza."

"Nanga m'madzi ukufunamo chiyani?"

Supuni ya amami inaima m'malere.

Bambo anaika mpeni pambali pa mbale. Sanakweze mawu. Bambo anga akakalipa, m'nyumba timadziwa kuti zitha msanga. Choopsa ndi pamene akulankhula ngati akuwerenga nyuzi.

"Tsiku lomwe unati ukufuna kuphunzira za mitengo ndi achule, azakhali ako anaseka mpaka misozi. Anati mwana ameneyu akaphunzire udokotala. Ine ndinati ayi, musiyeni. Ukudziwa chifukwa chake? Chaka ndi chaka kumabwera tianyamata ta mafaelo kudzanunkhiza m'mapaipi anga. Ndinati tsiku lina ndidzakhala ndi wangawanga wodziwa chilankhulo chawo, woti akasaina pepala, pepalalo liziyenda. Ndinakunola ngati mpeni, mayi. Sindinkadziwa kuti mpeniwo udzayambira kucheka mwini wake."

"Adadi, madzi aja akupha zinthu. Kumunsi kuli anthu akuthirira mbewu, ana akusamba momwemo."

"Ndipo m'kati mwa mpanda muli anthu mazana awiri akudyetsa ana awo. Amenewo unawawerenga? Kapena kusukulu kwanuko mumangowerenga achule?"

"Makina osefera madzi alipo. Tinaphunzira, ndikhoza kukuonetsani momwe..."

"Udzandionetsa ukadzalowa mu ofesi." Anapukuta pakamwa. "Mnyamatayo ndi ndani wako?"

Ndinayang'ana amami. Iwo ankayang'ana m'mbale.

"Ndi mnzanga wa m'kalasi."

"Mnzako." Analitafuna liwulo ngati muli mchenga. "Mlonda wanga ndi wokalamba, koma si wakhungu. Akuti mnzakoyo amakuchotsa udzu m'tsitsi. Mwana wa mayi wogulitsa masamba pamsika, wogona chipinda cha anthu anayi, nsapato imodzi chaka chonse. Ndafufuza. Umuuze kuti mitsinje ndi yambiri, asankhe wina. Atsikananso ndi ambiri. Ndikunena kamodzi, chifukwa ndiwe mwana wanga. Enawo sindiwauza n'komwe."

Anadzuka, chakudya chili theka.

Kukhitchini amami anatsegula mpopi mwamphamvu kuti mawu athu asamveke.

"Usalimbane nawo," anandinong'oneza. "Zaka makumi atatu ndakhala nawo, sindinawaonepo atagonja. Akamalankhula motsitsa chonchija ndiye kuti anaganiza kalekale."

"Amami, ndimamukonda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, manja ali m'thovu la sopo.

"Ndiye mutalikire. Ngati ukumukondadi, mwanangu, mutalikire."

* * *

Lolemba masana ndinamupeza ku nazale, pakati pa timitengo ta m'machubu tomwe kalasi yathu inafesa. Atandiona anathamanga n'kundinyamula m'mwamba, kalata ili kukamwa.

"Andiitana, Dona! A bungwe losamalira mitsinje aja. Intavyu sabata ya mawa. Malo ndi amodzi okha, ofuna tilipo khumi, koma akuti ndikawaonetse zomwe ndapeza mumtsinje muja. Khala apa. Iwe ukhale bwana, undifunse mafunso."

Anandikhazika pa chidebe chovundikira, iye n'kuima njo, manja kumbuyo.

"Tiuzeni, achimwene," ndinayamba, "n'chifukwa chiyani tilembe inuyo ntchito?"

"Chifukwa, bwana, ndine ndekha pa anthu khumiwa amene ndinamwapo madzi a m'dambo mosafuna. Ndimaudziwa mtsinje ndi m'mimba momwe."

Anaseka yekha. Ine ndinalephera.

"Funso lachiwiri, bwana."

"Chule, fakitale ija ndi ya bambo anga."

"Limenelo ndiye lovuta. Ndingayankhe kuti..." Anandiyang'anitsitsa, kumwetulira kuja n'kumazilala pang'onopang'ono. Manja anachoka kumbuyo. "Zikwama ndi malamba," anatero chapansipansi.

"Ndinkafuna kukuuza."

"Liti? Tsiku la ukwati?"

"Ndinkaopa kuti undisiya."

"Unapita kwathu iwe. Mayi anga anabisa manja kumbuyo pokupatsa moni, kuchita manyazi ndi zilonda zija, iwe n'kuwakoka ndithu manjawo, n'kunena kuti pepani amayi. Usiku wake mayi anandiuza kuti mtsikana ameneyu ali ndi mtima. Unkapepesa chiyani, Dona? Unkadziwa?"

"Za paipi sindinkadziwa. Ndikulumbira."

"Koma koyang'ana unkakudziwa. Miyezi inayi ndikuzungulira m'matope, iwe uli pambuyo panga ndi kope. Kapena anachita kukutuma kuti uzindilonda?"

"Usatero, Chule. Chilichonse unganene, koma chimenecho ayi."

Anakhala pansi pa dothi, n'kuzula kaudzu m'chubu china. Anakayang'ana ngati ndi koyamba kuona udzu.

"Paja amati chule anadabwa m'madzi muli mwake. Lero ndamvetsa."

"Adadi akudziwa za iwe. Akudziwa kumene umagona, akudziwa za mayi ako. Akuti usinthe mtsinje. Saopseza pachabe, Chule, ndimawadziwa."

"Ndiye wabwera ndi uthenga."

"Ndabwera ndi mantha."

Anadzuka, anapinda kalata yake ya intavyu kanayi, n'kuika m'thumba. Ndinadikira kuti akalipe, atukwane, aswe chidebe. Sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anangodutsa pambali panga mosamala kuti asandikhudze, n'kutseka kageti ka nazale bwinobwino.

Ndinamulembera mameseji atatu tsiku limenelo. Woyamba wautali, wachiwiri waufupi, wachitatu wa liwu limodzi: "Pepa." Onse anawerenga. Sanayankhe ngakhale umodzi.

* * *

Lachitatu m'mawa anandiitanitsa a Dokotala, mayi amene ankayang'anira kafukufuku wa Chule. Ofesi yawo inali yodzaza mapu ndi masamba ouma opanikizidwa m'manyuzi. Anandiuza kuti nditseke chitseko.

"Wamva zomwe zachitika ku labu?"

"Ayi, madamu."

"Mabotolo a mnzako onse khumi ndi awiri, omwe anali mu firiji, apezeka opanda kanthu. Wina anataya madzi aja, anatsuka mabotolo ndi sopo, n'kuwavundikira pa tebulo mu mzere kuti aume." Anavula magalasi. "Wakuba amaswa n'kuthawa. Uyu anali ndi nthawi."



"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine, wosamalira labu, ndi mtsogoleri wa kalasi yanu. Aliyense akuti sakudziwa kanthu. Koma si zokhazo."

Anandikankhira pepala. Inali kalata yochokera kwa loya wa fakitale ya zikopa. Inkanena kuti wophunzira wina wapeka manambala n'cholinga choipitsa mbiri ya kampani kuti apezerepo ntchito, kuti paipi yomwe akunenayo kulibe, ndipo zithunzi zake anakajambula kwina.

"Dzulo tinatuma munthu kukaona," anapitiriza a Dokotala. "Paipi palibe. Pali dothi latsopano ndi kapinga wodzalidwa kumene, wothirira bwino. Komiti yosungitsa mwambo ikumana Lachisanu m'mawa. Akapezeka kuti anapeka, achotsedwa sukulu. Zaka zinayi, digiri osaiona, ndipo palibe bungwe lidzamulembe ntchito yoyeza ngakhale chithaphwi."

"Sanapeke, madamu."

"Ine ndikudziwa. Koma ine kunalibe." Anatsegula kope lija pa tsamba lomwe ndinalemba tsiku la paipi. "Dzanja ili ndi lako. Siginecha iyi ndi yako. Mboni ndi iwe wekha. Ngati ukufuna kuchitira umboni, ulembe zomwe unaona, usaine, undipatse pofika mawa madzulo. Ndikalandira ndimadinda n'kutumiza kwa wapampando wa komiti nthawi yomweyo, ndipo chikapita sichibwerera. Ukatero Lachisanu ukaima pamaso pawo."

"Nanga komiti ikandikhulupirira?"

"Lamulo likuti tipereke lipoti kwa oyendera mafakitale. Unaphunzira wekha zomwe zimatsatira. Akhoza kutseka fakitale. Mwini wake akhoza kukaima m'khoti." Anavalanso magalasi. "Ndikudziwa kuti ndiwe mwana wa ndani. Mafomu a ophunzira anga ndimawerenga. Sindikuuza chochita. Ndingokuuza zomwe sitilemba m'mabuku: pa ntchito yathu ino mitengo sivuta, madzi savuta. Ovuta ndi anthu, ndipo tsiku lina munthuyo amakhala wako."

Potuluka ndinapeza Kapitawo m'khonde akukhoma chidziwitso cha komiti pa bolodi, akuimba kaluzu. Manja ake ankanunkhira sopo wa ku labu.

"Wadzuka bwanji, Dona?" anatero mwaulemu wake uja. "Ukuoneka wotopa. Uzipuma."

* * *

Lachinayi ndinakhala m'laibulale kuyambira m'mawa, pa tebulo la pakona, pepala lili patsogolo. Foni inkangonjenjemera. Anali amami.

"Bambo ako sanadye chichokere iwe."

"Bipi yawakwera. Adokotala akuchipatala anabwera kunyumba."

"Chibale n'fupa, mwanangu, sichiola. Mwamuna udzapeza wina. Bambo sudzapeza wina."

Ndinalemba koyamba, n'kung'amba. Ndinalemba kachiwiri kuti tsikulo mutu unkandipweteka ndipo sindikukumbukira bwino. Nditawerenga ndinang'ambanso. Ndinaganiza za bambo akundiphunzitsa kupalasa njinga pabwalo la fakitale, akuthamanga pambuyo panga ndi suti yawo, antchito akuombera m'manja. Ndinaganiza za anthu mazana awiri aja, ena ondidziwa ndi dzina. Kenako ndinaganiza za munthu amene anaima pa sinki ya labu, n'kumatsuka zaka zinayi za mnzake botolo limodzilimodzi, osafulumira.

Kachitatu ndinalemba zomwe ndinaona basi. Tsiku, nthawi, kukula kwa paipi, mtundu wa madzi, chiwerengero cha ambululu. M'munsi ndinaonjezera mzere umodzi: kuti mwini wa fakitaleyo ndi bambo anga ondibereka, ndipo ndikudziwa zomwe ndikuchita.

Itangopitirira fili koloko ndinagogoda kwa a Dokotala. Anawerenga mpaka pansi, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Watsimikiza?"

"Dindani, madamu, ndisanasinthe maganizo."

Chidindo chinalira ngati chitseko chomenyetsa.

Nditatuluka miyendo inali yopepuka modabwitsa. Ndinali nditataya kwathu, koma kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi ndinalibe chobisa. Ndinathamanga kulowera ku hositelo ya anyamata. Ndinkafuna Chule amve kuchokera pakamwa panga. Kaya andikhululukira, kaya ayi, koma adziwe kuti mawa sakaima yekha.

Nditakhota pa ngodya ya bwalo la mpira, ndinaima.

Pa geti ya hositelo panali galimoto yakuda, yaitali, ya magalasi osaonekera m'kati. Nambala yake ndinkaidziwa pamtima. Bambo anga anali ataima panja, atatsamira chitseko, manja m'thumba. Bipi ija sinkaoneka paliponse. Ndipo bambo anga sadikira munthu. Anthu ndi amene amadikira iwo.

Chule anatuluka m'hositelo atanyamula faelo yake yonse ya kafukufuku. Bambo anamulandira ndi manja awiri ngati mlendo wolemekezeka, anamusisita paphewa, kenako anachita chomwe sindinawaonepo akuchitira munthu wina aliyense, ngakhale amami: anamutsegulira chitseko okha.

"Chule!"

Anacheuka. Maso ake anali ofiira, nkhope yotuwa ngati wadwala sabata yonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Bambo anandikwezera dzanja mwansangala, ngati takumana ku ukwati. Chule anawerama n'kulowa. Chitseko chinatsekeka, galimoto n'kuchoka mwakachetechete.

"Unkaona ngati wogulika ndi ndalama ndi ine ndekha?"

Kapitawo anali ataima pambali panga. Sindinamumve akubwera.

"Mwamuchita chiyani?"

"Ife? Wakwera yekha. Waona ndi maso ako."

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Inali meseji ya Chule, yoyamba chichokere Lolemba.

"Usalembe kanthu. Usapite ku komiti mawa. Ukapita, ndikaima pamaso pawo n'kunena kuti sunapitepo nane kumtsinje, ndipo paipi ndinaipeka ndekha."

Ndinaimba pomwepo. Foni yake inali yothima. Ndinaimbanso. Chimodzimodzi.

Ndinathamanga kubwerera komwe ndinachokera, kudutsa bwalo la mpira, kukwera masitepe awiriawiri. Ofesi ya a Dokotala inali yokhoma. Ndinasuzumira pa galasi la chitseko. Thireyi ya makalata otuluka inali mbee, umboni wanga utapita kale.

Ndidakali chigwirire chitseko chija, foni inanjenjemeranso. Ulendo uno anali bambo.

"Ndamva kuti walemba, mayi. Mawa ine ndi mnzako uja tikhala mbali imodzi. Iwe ukhala ndi ndani?"